Mtedza Wanga Unathera pa Masamu

Amuna anga, malemu a Onesmus, anali mphunzitsi wa masamu pa kasukulu kena kufupi ndi Msoro. Tinatsikira kuchigwako kuchokera ku Katete dziko litangolandira ufulu, ine ndikudandaula kutentha, iwo akumwetulira ngati akupita ku ukwati. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukawakalipira ankangosasa choko m'manja n'kufunsa ngati wamaliza.

Pamene sankagonja ndi pa zipangizo zophunzitsira. Boma linatumiza wailesi, anaiyesa, n'kuitsekera m'kabati. Ankati mphunzitsi wa pa wailesi amangothamanga ndi Chizungu chake, saona mwana amene watsalira, chikhalirecho ana athu kwawo amalankhula Chikunda. Kunabweranso chimango cha mikanda yowerengera, chokongola zedi, koma chimodzi kalasi yonse. Chimenecho anachikoloweka pakhoma. Iwo ankafuna chinthu choti mwana aliyense agwire m'manja mwake, ndiye ana awo ankawerengera timiyala ta kumtsinje.

Chaka china njovu zinasesa mapira anthu asanakolole, ndipo pofika Okutobala njala inali italowa m'midzi. Ine ndinali ndi chitini cha mtedza wa mbewu, wa mtundu umene amayi anga anandipatsa pochoka kwathu. Ndinkaudikirira mvula, ndipo ukanatha kunalibe kwina kokaupeza.

Ndinayamba kuona kuti mtedza ukutsika m'chitinimo. Makoswe ndinawatukwana osalakwa. Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza timakoko tofiira m'thumba la jekete la amuna angawo. Nditawafunsa anayankha osaphethira n'komwe, ati timiyala tawatopetsa, mtedza ndiwo umawerengeka bwino. Ha! Mbewu ya amayi anga isanduke choseweretsa? M'mawa mwake ndinamanga nsalu m'chiuno, ulendo wa kusukulu, kuti ndikawayalutse pamaso pa ana awo omwewo.

Ndinaima pazenera. Mwana aliyense anali ndi kamulu ka mtedza wanga pa sileti. A Onesmus anawauza kuti pa teni achotsepo folo, ndipo zochotsazo zisaonekenso paliponse, pakuti chinthu ukachotsa ndiye kuti chachoka. Ana aja anaponya m'kamwa. Anapitiriza kuchotsera mpaka masileti anayera. Mtsikana wina dzina lake Delia, amene anali atakomoka pamzere sabata yapitayo, anapatsidwa mulu waukulu kuposa anzake, ati chifukwa masamu aang'ono amamuchepera.

Apa m'pamene ndinazindikira chimene ankachita. Bambo ake a Delia ndinkawadziwa. Anali atabweza kale mbale ya phala imene ndinamutumizira mwanayo, n'kunena kuti iwo si opemphapempha, tikayambiranso amuchotsa sukulu. Makolo ena nawo anali ndi mtima womwewo. Koma ndi kholo liti likanabwera kudzaletsa mwana kuphunzira masamu ochotsera?

Ndinabwerera kunyumba mwakachetechete, koma a Onesmus anali atandiona. Masana anafika akukoka miyendo, chipewa chili m'manja, n'kuyamba kupepesa kuti wotsalawo saukhudzanso, ndidzabzale.

"Inu aphunzitsi," ndinatero, "sukulu yonse munaphunzirayi, simudziwa kuti mtedza wauwisi umapotokola m'mimba mwa mwana wanjala?"

Ndinaika chiwaya pamoto n'kukhuthuliramo chitini chonse. Anandigwira dzanja, maso ali tong'o.

"Mayi, wokazinga sumera."

"Ndikudziwa, mlimi ndine. Tandipatsireni mchere uko."

Mvula itagwa, anzanga akubzala, ine ndinakhala pakhonde n'kulira, sindibisa ayi. Ndinawakonda amuna angawo, ndipo tsiku limenelo ndinawakwiyiranso. Mbewu ya amayi anga inathera m'kalasi muja. Koma chaka chimenecho, pa ana onse a a Onesmus, palibe ndi mmodzi yemwe anasiya sukulu.