Dzino Losamva Mankhwala

Dzino langa lakutsogolo litabenthuka, dokotala wa mano anandilangiza kuti ndiyambe ndayeretsa mano onse, kenako amatepo chophimba cha mtundu wofanana nawo. Ndinakana. Ndinati munthu wa msinkhu wanga sayeretsa mano ngati wofunsira mbeta. Choncho anamata chophimba cha mtundu wa tiyi wamkaka, cholingana ndi mano enawo.

Ukwati wa mwana wanga wamkazi utayandikira, ndinabwererako mwakachetechete kukayeretsa. Onse anayera, kupatula lomatalo, pakuti silimva mankhwala.

"Abambo, likuoneka chomene," anatero akazi anga, "ngati njere yachikasu pachimanga choyera."

Pazithunzi zonse za ukwati ndinatseka pakamwa. Mpaka lero akuchimuna ku Chibavi amakhulupirira kuti mkamwiniyo sindinakondwere naye.