Msasa wa Anti Miriam

Ndikukumbukira nthawi imene tinkakhala m'fulati ina ku Al Mirqab mumzinda wa Doha, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mayi anga anali namwino, ndipo sankalola kukhoma ngakhale chithunzi pakhoma. Ankati ku Doha tinangobwerera kontirakiti, kwathu n'ku Zomba. Zinthu zathu zabwino zinkangokhala m'masutikesi. Koma ine Zombayo ndinali nditamuiwala, choncho ndinkadziona ngati mwana wopanda kwawo.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la Anti Miriam, Myuda wochokera ku Joni, amene ankaphunzitsa zojambula. Kutentha kutayamba kuchepa, anapempha mwini nyumba kuti amange msasa pamwamba pa nyumbayo. Anaufolera ndi masamba a kanjedza motalikanatalikana, moti thambo linkaoneka. Anatiuza kuti n'chikondwerero chawo cha Sukoti, chokumbukira makolo awo amene ankagona m'misasa m'chipululu. Makoma anawasiya opanda kanthu, n'kuyamba kugogoda khomo lililonse kuti aliyense adzapachikepo chinthu chakwawo.

Mlonda wathu wa ku Nepal anamangirira timbendera take tamitundumitundu. Banja lina la ku Sudan linayala mkeka wonunkhira lubani. Mayi anga anakana, ndipo ine ndinakwera chimanjamanja, n'kukhala pakona misozi ili m'maso.

Madzulo mayi anabwera kudzanditenga asanavule n'komwe yunifolomu. Anafunsa Anti Miriam kuti akuvutikiranji ndi chinthu choti sabata ikatha agwetsa.

"Sabata imeneyinso ndi moyo, sisita," anatero Anti Miriam mofatsa. "Mwanayu akukula lero. Sadikira kuti kontirakiti ithe."

Mayi anatembenuka. Anatsika okha, ine n'kumaganiza kuti akwiya. Patapita kanthawi anabwerera ndi chitenje chimene bambo anawagulira asanamwalire, chikununkha sutikesi. Anachimangirira mbali yolowera dzuwa. Tinakhala pansi pake tikudya zipatso za kanjedza zotchedwa madeti, kamphepo kakunyanja kakuchiwomba, ndipo kanali koyamba kuti mayi afotokozere anthu achilendo za bambo.

Msasawo unagwetsedwadi, ndipo patapita zaka zingapo ifenso tinabwerera kumudzi. Kale ndinkaganiza kuti mayi anali ouma mtima. Lero, nanenso ndikukhala m'nyumba ya lendi, ndikuwamvetsa. Anali atatayapo kale munthu amene ankamukonda, ndipo ankaopa kukondanso malo oti tsiku lina adzawasiya.