Chigayo cha Amalume

Chinali chachitsulo, cha mwendo umodzi, kukamwa kuli pamwamba, mkono wopukusira uli m'mbali. Amalume anabwera nacho pamutu kuchokera kwa mzungu wina amene khofi wake anauma, iye n'kuyamba kubzala tiyi. Lero ndikukhulupirira kuti anachitola kuseri kwa khola, koma iwo ankauza anthu kuti anachita kupatsidwa.

Nthawiyo tinali tisanakhalitse kuno chichokereni kwa Apwitikizi, ndipo eni mudzi ankatiseka kayankhulidwe. Amalume anati chigayochi chitipatsa ulemu.

Inali nyengo ya chiperoni, phiri la kuno osaoneka ndi nkhungu, ndipo dzimbiri linali litamera pachitsulocho ngati ndere. Anachimasula chonse n'kuyala zidutswa pamphasa. Mano ake anakwecha ndi mchenga wa kumtsinje, phulusa ndi mandimu. Mphemvu zakufa anazitokosa ndi nthenga ya nkhuku. Mpaka pano ndimalimvabe fungo lija, la khofi wakale ndi chitsulo chonyowa. Atachimanganso chinagaya ndithu, koma chinkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, agalu a m'mudzi n'kumavomera.

"Chili ndi ludzu," anatero amalume. Anatenga nsupa ya mafuta a nsatsi amene amayi ankatidzoza ife ana, nathira paliponse pamene anaona bowo. Sanali munthu woumira. Chigayo chinangoti zii.

Ufa woyamba sitinadye tokha. Amalume anaitana aphunzitsi a sukulu ya m'mudzi, munthu wa jekete loyera ngakhale analibe nsapato, ndipo amayi anaphika kalongonda, nyemba zija zimene zimadwalitsa zikapanda kupsa. Aphunzitsi anayamikira kuti nsima ya pachigayo imatsetsereka yokha pakhosi. Anawonjezeranso mtanda wina.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Kutchalitchi, aphunzitsi, amene ankatsogolera mapemphero, anayambitsa nyimbo n'kutuluka mwaulemu. Atabwera anawerenga mawu pang'ono n'kutulukanso, ulendo uno ali pa liwiro. Izi ife tinachita kumva, pakuti banja lonse tinali kutchire, aliyense ndi chitsamba chake, amalume akubuula chapatali.

Mudzi sunachedwe kugamula: kalongonda sanapse. Kwa mkazi wachilomwe palibe chitonzo choposa chimenechi. Amayi ankaziwiritsa nyembazo tsiku lathunthu, kutaya madzi mobwerezabwereza, ndipo palibe anadwalapo nazo. Koma akazi anzawo atawafunsa kumtsinje, anangoti, "Eya, nkhuni zinali zonyowa."

Madzulo ake ndinawaona amayi akuwiritsa zidutswa za chigayo m'madzi a phulusa, amalume atazyolika poteropo. Ine mtima unandiwawa. Ndinanyamuka kuti ndikauze aliyense za nsatsi zija, koma amayi anandibweza ndi khutu.

Chaka chomwecho, mvula isanagwe, amalume anakwatira mlongo wa aphunzitsi. Anali atayamba kale kumufunsira, ine osadziwa. Paukwatipo ndinavina nawo, ndinadyanso nyama, koma maso anga anali pa amayi amene ankaseka pakati pa akazi omwe aja. Sindinkamvetsa kuti munthu angalole bwanji kunyozedwa chifukwa cha nyemba zimene zinapsa bwinobwino.