Pulosesa Yosadziwa Kuti Yalakwa

Kwa zaka khumi ndi zinayi, Kafumbi ankasamala seva ya pachipatala china chaching'ono, makina osunga mayina a odwala ndi milingo ya mankhwala awo. Dzinalo anamupatsa ndi anamwino, poti munthuyo sankatha kudutsa pa kompyuta osaipukuta. Kachipinda kake kanali kuseri kwa famase, kopanda windo, kozizira ngati mufiriji. M'makinamo munalinso dzina la mkazi wake, amene mwezi ndi mwezi ankadzatenga mankhwala a shuga pomwepo.

Seva itafa ndi ukalamba, woyang'anira chipatala, yemwe analinso mchimwene wa mkaziyo, anabwera ndi kompyuta wamba ya pashopu. Anati pulosesa yake, ubongo wa makinawo, ndi yothamanga kuposa yakale ija, ndiye zodula n'zachiyani? Za liwirozo sananame. Kafumbi anayesa kulongosola kuti pulosesa ya seva imayendera limodzi ndi memole, mokumbukira zinthu, yomwe imadzigwira yokha ikasokoneza nambala, pamene yotchipayi ikalakwa imangopitirira, maso ali gwa.

"Alamu, makina osapuma usana ndi usiku amafuna pulosesa yake," anatero.

"Inu alamu mumakonda makina kuposa anthu. Lumikizani basi."

Analumikiza. Nanga akanakangana bwanji ndi munthu amene anamupezera ntchito, n'kumupatsanso mlongo wake? Iye ankati ndi ulemu, koma anali mantha chabe.

Miyezi itatu inadutsa bwinobwino, mlamu uja akumuseka akakumana pakhonde. Kenako kompyuta inayamba kumangozima yokha nthawi ndi nthawi. Kafumbi ankaiyatsanso mwakachetechete, mumtima muli zii, n'kumati mawa alankhula. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Lachiwiri lina mayi wa kufamase anamukokera pambali n'kumuonetsa khadi la mkulu wina wodwala mtima. Pakhadi dokotala analemba mlingo wina, pasikilini ya kompyuta panali wina, ndipo panalibe amene anakhudzapo. Mwayi wake mkuluyo ankasungabe khadi. Odwala ambiri anasiya kalekale kuyenda nawo, poti anauzidwa kuti zonse zili m'kompyuta.

Kafumbi anatsitsa makatoni a mapepala akale n'kuyamba kufananiza dzina ndi dzina, thukuta lili kamukamu m'chipinda chozizira chija. Pofika masana anali atapeza atatu osiyana ndi za m'kompyuta. Pepala la mkazi wake analifunafuna, osalipeza.

Atatuluka kuti akamuimbire foni, anamupeza ali pawindo la famase, akuika kathumba ka mankhwala m'chikwama. Mkaziyo anadandaula kuti masiku ano chizungulire chikumuvuta, m'mawa wa tsikulo anachita kugwira khoma. Kafumbi anafunsa kuti akumwa mapiritsi angati.

"Awiri, kuyambira mwezi watha. Kale linali limodzi."

"Anasintha ndi adokotala?"

"Ayi, akuti zinatuluka m'kompyuta. Sindinafunse, bambo. Si makina anu omwe aja?"