Mmene Ndinadzizulira M'kwaya

Ine chinandipweteka ndi pakamwa panga pomwe, osati mfiti ayi.

Chaka chimenecho mwana wanga wamkazi, amene amaphunzira sayansi ku Lusaka, anabwera kudzadya Khisimisi, n'kutipeza tikupatulira thonje kumunda kwathu kufupi ndi Katete. Kupatulira kulibe chisoni. Pa phando pamera mbande zisanu, iwe usiya ziwiri zojintcha, zinazo zule! Mtsikanayo kuwerama kumamuvuta, koma kulongolola anatengera ine.

"Amama, mudziwa kuti nanunso munapatuliridwa muli m'mimba?"

"Iwe, ndi zimene tikukutumizira ku Lusaka zimenezo?"

Anaseka, n'kundifotokozera. Akuti munthu akangoyamba kuumbika, mutu ndi miyendo zisanaoneke, amakhala kambulu ka tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, tomwe pambuyo pake timasanduka mtima, khungu ndi mafupa. Timaselo timeneti timayezana ndi toyandikana nato. Kena kakapezeka kofooka kuposa anzake a m'mbali, anzakewo amakapatsa chizindikiro, iko n'kufa, ndipo amphamvuwo amaswana n'kutseka malo ake, kuti mwana adzabadwe wolimba.

"Nanga wozula ndani?" ndinafunsa.

"Kulibe mlimi m'menemo, amama. Amaweruza ndi aneba basi."

Nditangomva za aneba, mtima wanga unathamangira kwa alamu anga, alongo awo a amuna anga. Kwaya yathu ya amayi kutchalitchi inali itaitanidwa kukaimba ku Vubwi, koma minibasi imene tinapeza sikanatikwana tonse. Atatu anayenera kutsala. Ine, woimba m'kwayamo kuyambira ndili mtengwa, ndinali nditasoketsa kale bulauzi yoyera yatsopano ndi kuuza mudzi wonse kuti ndikupita. Mpando wa m'minibasimo ndinkaufuna koopsa. Ndipo alamu angawo, Mulungu andikhululukire, mawu awo ndinkawamva ngati nkhanga yodzidzimuka.

Lachinayi pa pulakatisi, amayi abusa, amene ankatsogolera kwaya, anati tichite maere. Maere! Nanga akagwera ine? Ndinaimirira msangamsanga n'kukonza duku.

"Amayi abusa, maere alibe makutu. Mulungu poumba munthu sachita maere."

Ndinawathira sayansi yonse ija, n'kuwonjezerako ndi mchere wanga. Ndinati tiime pamzere, tiimbe nyimbo imodzi, kenako aliyense akanong'oneze amayi abusa ngati mneba wa kumanja kapena wa kumanzere akumusokoneza. Wodandaulidwa mbali zonse ziwiri atsale. Amayi onse anawomba m'manja. Wina anachita kunena kuti, "Kukhala ndi mwana ku Lusaka n'kwabwino!" Ine mapewa m'mwamba.

Ndinakaima dala pambali pa alamu. Ndinaimba ndi mphamvu zanga zonse mpaka mitsempha ya m'khosi kuuma gwa. Ponong'oneza sindinachedwe: "Wa kumanzere."

Amayi abusa anatsokomola kawiri, maso ali pansi. Dzina loyamba kulitchula linali langa.

Ndinaseka, poyesa kuti n'kucheza. Palibe anandithandiza kuseka. Ndinayang'ana mneba wanga wa kumanja, mayi wofatsa amene ndinamuphikira pa maliro a amuna ake sabata yathunthu.

"Inunso, anzanga?"

"Pepani," anatero akupotokola nsonga ya chitenje. "Zaka zonsezi ife a m'mbali mwanu timangokweza mawu kuti tikuphimbeni. Pakhosi patopa, mayi."

Ha! Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo. Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira yani? Lamulo linali langa, ndipo anandiwombera m'manja.

Kunyumba amuna anga anamvetsera nkhani yonse akukukuta chimanga chowotcha. Anangoti, "Nanga umayesa ndimapita kudimba chifukwa chiyani ukayamba pulakatisi?" Mwana uja anaseka mpaka kugwira chitseko. Atapuma anati, "Amama, ndinaiwala kukuuzani. Kaselo kofooka kaja sikadziwa kuti kofooka ndi iko."

Lachisanu madzulo alamu anafika, n'kukhala pamkeka mwaulemu wonse.

"Alamu, poti bulauzi ija ingokhala m'sutikesi..."

Ndinawapatsa. Nanga ndikanatani? Inawakhalanso bwino, ndicho chinandiwawa kwambiri.

Loweruka m'mawa ndinapita kumsewu, ati kukagula sopo, koma bodza, ndinkafuna kuona ngati tayala lingaphulike. Minibasi inali itadzaza, bulauzi yanga ili pawindo. Asananyamuke, amayi abusa anayambitsa nyimbo ija, onse n'kuyankha. Ndinaima chilili, sopo ali m'manja. Mawu anali osalala, ogwirizana, okoma mpaka tsitsi kunyerenyesa. Zaka zonse zija ndinali ndisanaimvepo kwaya yathu ikuimba popanda ine.

Misozi inalengeza, ndipo pakamwa panga panayamba kutseguka kuti ndithandizeko. Ndinapagwira ndi dzanja.