Chaka chimene amayi ankazengereza

Ndodo ya amayi inali ya nsungwi, yong'aluka kumunsi, yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Amayi anabwera nayo kuchokera kuchipatala cha ku Boma mwendo wawo wakumanzere utafooka. Akamayenda pabwalo ankadzandira, ndodo ikugogoda pansi pouma.

Ine ndinali mu Sitandade 8. Bambo anali atamwalira kale, choncho mawu onse pakhomo pathu anali a amalume a ku Mikolongwe. Iwo anapeza banja lina ku Limbe lofuna mtsikana wolera mwana.

"Achemwali, munda walowa thengo," anatero. "Mwanayu apite akadyere komweko."

Sanali munthu woipa ayi. Ankaona nkhokwe yathu mmene inalili.

"Ndamva, achimwene. Ndiganize kaye," amayi anayankha.

Sabata yotsatira amayi anati ndipite tikakolola. Titakolola anati, "Nanga nandoloyu andithyolera ndani?" Tsiku lina anavomera ndithu, nkundimangira zovala m'chitenje. Amalume atafika kudzanditenga anapeza mtolo wamasulidwa, amayi akuti mtima wawo sunakhazikike. Ine ndinkapita kusukulu m'mawa uliwonse osadziwa ngati ndidzabwerako mawa lake, ndipo mumtima ndinkawakwiyira.

M'nyengo yachisanu imeneyo, chifunga chitakuta phiri, aphunzitsi analemba pabolodi mawu achingerezi akuti waver. Kenako anayatsa machesi pafupi ndi zenera. Kalawi kanapendekera uku, kanapendekera uko, fungo lake nkutifika ife a kutsogolo. Anati mawuwo anachokera kwa anthu akale a m'maiko ozizira a kumpoto, amene ankatchula motero lawi likamagwedera. Angerezi atawatenga anayamba kunenera munthu woyenda modzandira, mawu onjenjemera, ngakhalenso munthu wa mitima iwiri.

Atafuna chitsanzo, ndinaimirira nkutchula amayi anga. Anzanga anaseka. Aphunzitsi sanaseke.

"Pa miyendo, kapena mumtima?"

"Ponse pawiri."

Anandiyang'ana, nkungoti, "Khala pansi. Mawa usajombe."

Sindinajombe. Nandolo anakhwima, a ku Limbe aja anatopa nkupeza mtsikana wina, amalume anasiya kuitchula nkhaniyo. Ine ndinalemba mayeso zala zili gwa ndi chisanu, ndipo ndinasankhidwa kupita kusekondale.

Ndili ndi ana anga kale, ndinawakumbutsa amayi za chaka chimenecho tikusola nandolo pakhonde. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, mlongo wako amene akukusunga sumuuza kuti ayi. Umangomuuza kuti mawa."

Ndimathokoza mpaka lero. Koma kamtsikana kaja, ine wa mu Sitandade 8, kanali kataloweza matanthauzo onse atatu a mawu aja, ndipo kankakhulupirira ndithu kuti amayi ake sadziwa chimene akufuna.