Makina a atelala alowa m'nyimbo

Atelala a pakhomo lachitatu amasoka ndi makutu. Maso awo anachita nkhungu kalekale, koma nsalu ikangokwinyika pansi pa singano, iwo amamva. "Makinatu amayankhula, ogontha ndinu," amatero, mapazi akupalasa.

Kuseri kwa khoma lawo kumakhala mnyamata wokonza nyimbo pakompyuta, amene iwo amamutcha Chisokonezo. Tsiku lina analowa ndi maikolofoni n'kuiika pambali pa makina.

"Bambo, musandione ine. Ingosokani."

Pamene chimbale chake choyamba chimatuluka, maso aja anali atatheratu, makina atafunditsidwa nsalu pakona. Mnyamatayo anawaveka mahedifoni m'makutu. Pansi pa ng'oma zamagetsi ndi mawu othamanga a rapu pankamveka kugogoda kwa makina awo aja, tcheketcheke, tcheketcheke. Atelala anatsamira khoma. Mapazi anayamba kupalasa okha, manja akuyendetsa nsalu yosaoneka, nkhope ili mwee ngati ya munthu wolota kwawo.

Mwadzidzidzi anakweza dzanja.

"Taimitsa, mwanawe. Apa ulusi waduka."

Mnyamatayo anaimitsa. Iwo anatsina mphepo ndi zala ziwiri, n'kunyambita nsonga ya ulusiwo.